Za m'magazi ndi miyala ya ku Guruve

Pali mawu amene anthu a m'mapulazi a ku Guruve amatsekera nawo nkhani ikafika povuta. Mnyamata akayamba kumwa chikokiyana ngati bambo ake, amati zili m'magazi. Mtsikana akamakhoza masamu kusukulu, amati watengera amalume ake, zili m'magazi. Ndipo akamanena za ife, ana ndi adzukulu a anthu amene adachokera ku Malawi, ku Tete ndi ku Chipata kudzalima fodya wa azungu, mawu ake ndi omwewo. Amati Mabhurandaya ndi anthu ofatsa, omvera bwana, osadziwa kukana, ndipo adabadwa choncho. Ena amanena moyamikira, ena monyoza. Ngakhale eni akefe timawanena mawuwa, nthawi zina monyadira.

Ntchito yanga ndi yomasulira zolemba kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chichewa, ndipo m'zolemba za umoyo ndimakumana kawirikawiri ndi liwu limene asayansi amatchulira tinthu ta m'thupi timene mwana amalandira kwa makolo ake. Omasulira ambiri amangolemba kuti majini. Koma kwa munthu wa ku Mangochi, kapena kwa m'bale wathu wa Chiyao wa pakomboni, majini ndi mizimu imene imalowa mwa munthu n'kumamuchititsa zimene mwini wake sakufuna. Mawu awiriwa adangofanana mwangozi, lina lidachokera ku Chiarabu, lina ku Chigiriki. Komabe m'kufananako muli funso lonse la nkhani ino. Kodi zimene tidatengera kwa makolo zili ngati mzimu wotigwira umene sitingaukanize? Ngati zili choncho, munthu angaimbidwe bwanji mlandu pa khalidwe lake? Nanga mtundu wathunthu wa anthu ungakhale ndi khalidwe limodzi lobadwa nalo?

Tiyambe ndi kuwapatsa ulemu akuluakulu amene adati make mbuu, mwana mbuu. Mwana amatengeradi. Pafupifupi selo lililonse la thupi la munthu lili ndi timitolo 46 ta DNA, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo, ndipo m'timitolo timeneti muli majini pafupifupi 20,000 olangiza thupi kapangidwe ka mapuloteni. Chosekesa n'chakuti maselo ofiira a magazi, amene amapatsa magazi mtundu wake, ndiwo alibe DNA. Ku Guruve kuli mitundu iwiri yoyandikana imene imawerenga ubale mosiyana. Akorekore, eni nthaka, amati mwana ndi wa kuchimuna ndipo amatenga mutupo wa bambo ake. Ife Achewa timati mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndipo womuyang'anira pa milandu ndi pa ukwati ndi amalume. Thupi silikondera mbali: limatenga theka kuno, theka uko. Kumene mtundu umadutsira ndi pangano la anthu.

Kuti zotengerazi zimakhudza khalidwe, umboni ulipo wokwanira. Kuyambira mu 1979, Thomas Bouchard ndi anzake a ku University of Minnesota adafufuza mapasa ofanana amene adalekanitsidwa ali makanda n'kuleredwa m'mabanja osiyana. Adapeza kuti ambiri amafanana modabwitsa pa mtima, pa zokonda ndi pa kaganizidwe, ngakhale sadakulire pamodzi. Kafukufuku wambiri wa mapasa m'maiko osiyanasiyana akusonyeza kuti pafupifupi theka, kapena kucheperako pang'ono, la kusiyana kwa anthu pa zinthu monga manyazi, nkhawa, kukonda kucheza ndi kupsa mtima msanga limayenderana ndi kusiyana kwa majini awo. Chimodzimodzinso ndi kugwidwa ukapolo ndi mowa. Mayi aliyense wa ana asanu amazidziwa izi popanda buku. Ana oyamwa bere limodzi, odya m'mbale imodzi, wina amalira akangomva galu akuuwa, wina amafuna kukamugwira mchira galuyo.

Koma taonani bwino chimene nambalayi ikunena. Ikunena za kusiyana kwa munthu ndi mnzake pakati pa anthu okhala m'malo amodzi. Siikunena kanthu za kusiyana kwa gulu ndi gulu lina. Tengani mbande za fodya za pa nazale imodzi. Zina mukaoke m'munda wothira feteleza, zina pa mchenga wopanda kanthu. M'munda uliwonse mitengo ina idzatalika kuposa inzake, ndipo mungathe kunena kuti ndi mbewu. Koma kuti munda wonse wapamchenga wapinimbira, mbewu ilibe mlandu. Katswiri wa majini Richard Lewontin, amene ankakonda kufotokoza nkhaniyi ndi fanizo la mbewu, adawerengetsa mu 1972 kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 a kusiyana kwa majini a anthu amapezeka mkati mwa mtundu umodzi womwewo. Achewa awiri a m'mudzi umodzi ku Dedza angathe kusiyana kwambiri kuposa m'mene Mchewa wina amasiyanira ndi Mkorekore wina. Ndipo palibe jini imodzi ya kufatsa kapena ya ukali. Khalidwe lililonse limakhudzidwa ndi majini zikwizikwi, iliyonse ikukankha pang'ono chabe.

Komanso Achewa ndi Akorekore si anthu otalikirana. Makolo a onse adachokera kudera la malire a Nigeria ndi Cameroon a masiku ano zaka zikwi zingapo zapitazo, nthawi yochepa kwambiri pa mbiri ya chisinthiko cha munthu. Ife timati munthu, iwo amati munhu. Ife mvula, iwo mvura. Mwana ndi mwana, moto ndi moto. M'zaka za m'ma 1600 ufumu wa Maravi ndi ufumu wa Mutapa udali woyang'anizana, Zambezi ali pakati, ndipo anthu ankaoloka kukachita malonda, kukamenya nkhondo ndi kukakwatira. Amene akufuna kupeza magazi a kufatsa mwa ena ndi magazi a kukana mwa ena ayambe watiuza kuti magaziwo adalekana liti.

Nanga kufatsa kwa Mabhurandaya kudachokera kuti? Pakuti kunalipo ndithu, ndipo alimi achizungu ankakondadi antchito ochokera kumpoto. Yankho lili m'mbiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda ku Nyasaland lidayamba kukhometsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, m'dziko lopanda migodi ndi lochepa ntchito. Amuna adayamba kuyenda pansi masabata angapo, kudutsa ku Tete, kuoloka Zambezi, kulowa m'Rhodesia. Mu 1903 kudakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu adalitcha chibaro chifukwa cha nkhanza zake. Pambuyo pake kudabwera Mthandizi ndi malole a Ulere. Munthu akafika papulazi ankagwa m'manja mwa lamulo la Masters and Servants la 1901, limene linkati kuthawa ntchito kapena kukana lamulo la bwana ndi mlandu woti munthu amangidwe nawo. Chitupa chake chinkasonyeza kumene akugwira ntchito. Nyumba ya pakomboni idali ya bwana, phoso la ufa, nyemba ndi mchere lidali la bwana, sitolo yokongolako zinthu idali ya bwana.

Mkorekore, ngakhale adalandidwa nthaka yabwino n'kukankhidwira ku malo ouma, anali ndi kamunda ndi abale pa mtunda woyenda tsiku limodzi. Kapitawo akamutukwana ankatha kunyamula bulangete lake n'kumapita. Munthu wa ku Ntcheu akanapita kuti? Apa ndi pamene sayansi ya ubongo ndi ya chisinthiko cha zamoyo imatithandiza. Munthu akaona choopsa, kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala kamadzutsa thupi, adrenaline ndi cortisol zimathamanga m'magazi, ndipo thupi limakonzeka kumenya, kuthawa kapena kuuma pamalo amodzi. Pamene kumenya ndi imfa ndipo kothawira kulibe, nyama zokhala m'magulu zili ndi njira ina imene idazipulumutsa kwa mibadwo yosawerengeka: kuweramitsa mutu pamaso pa wamphamvu. Nyani amachita zimenezi, galu amachita zimenezi, munthu wa mtundu uliwonse amachita zimenezi. Choncho amene amati kugonja kuli m'magazi sanalakwe kwenikweni. Kuli m'magazi a anthu onse, a bwana yemwe. Chimene chidasiyana n'chakuti ndani adaikidwa pakona.

Ndipo pamene mpata udapezeka, magazi omwewo adachita zina. Mu January 1915 John Chilembwe adatsogolera anthu kuukira azungu a minda ya ku Magomero, kumene thangata lidafika posauzana. Mu 1919 Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, adayambitsa ku Cape Town bungwe la antchito la ICU, limene lidakula mpaka kugwedeza South Africa yense. Mu 1927 antchito zikwi zingapo a pa mgodi wa golide wa Shamva, m'chigawo chomwechi cha Mashonaland Central, adanyanyala ntchito, ndipo otsogolera anali anthu a ku Nyasaland. Panthawiyo akuluakulu a boma ndi a migodi ankawaona Anyasa ophunzira ku mishoni ngati anthu osokoneza oyenera kuthamangitsidwa m'dziko. Mtundu umodzi womwewo unkatchedwa wofatsa papulazi ndi wovuta pamgodi.

Tisaganize kuti nkhani za m'magazi ndi za anthu osaphunzira okha. Francis Galton, msuweni wake wa Charles Darwin, adalemba mu 1869 buku lakuti Hereditary Genius, m'mene adaika mitundu ya anthu pa makwerero a nzeru, Aafrika pansi. Mu 1953, chaka chomwe Watson ndi Crick adafotokoza maonekedwe a DNA, bungwe la World Health Organization lidasindikiza buku la dokotala wa amisala J. C. Carothers, amene adagwira ntchito ku Kenya. Iye ankati Mwafrika sagwiritsa ntchito mokwanira mbali yakutsogolo ya ubongo wake, ndipo ankamuyerekeza ndi mzungu wochitidwa opaleshoni yodula mbali imeneyo. Mu 2006 ku New Zealand kudabuka mkangano pamene ofufuza ena adagwirizanitsa jini yotchedwa MAOA ndi mbiri ya nkhondo ya Amaori, nyuzipepala n'kumalemba ngati zapezeka chifukwa chimene Amaori amachulukira m'ndende. Asayansi anzawo adatsutsa kuti umboni wake unali wochepa. Pa nkhani zonsezi, wonena kuti khalidwe la anthu ena lili m'magazi anali munthu wa mbali imene idatenga nthaka yawo. Zikakhala m'magazi, palibe woti abweze kanthu.

Tsopano tibwerere ku Guruve, chifukwa kumeneko kudachitika chinthu chimene katswiri aliyense wa maganizo a anthu akadalakalaka atachikonza yekha. Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith lidalengeza ufulu wodzilamulira popanda chilolezo cha Britain, maiko adaletsa malonda ndi Rhodesia, ndipo msika wa fodya udagwa. M'boma la Sipolilo, limene lero ndi Guruve, m'mphepete mwa mapiri a Great Dyke, mlimi wa fodya Tom Blomefield adapezeka kuti sangathenso kulemba antchito ake monga kale. Wosema miyala wa m'deralo, Crispen Chakanyuka, adamuonetsa kuti m'phiri la pafupi muli mwala wa serpentine wosemeka bwino, ndipo adayamba kuphunzitsa anthu kagwiridwe ka nyundo ndi tchizulo. Umu ndi m'mene mudzi wa osema wa Tengenenge udayambira mu 1966, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwa Harare.

Osemawo anali antchito a m'mapulazi ndi a m'migodi ya chrome. Leman Moses, mmodzi mwa oyambirira, anali Mmalawi. Amali Malola anali Myao wa ku Malawi. Josia Manzi adabadwira m'Rhodesia kwa makolo a Chiyao. Makina Kameya adachokera ku Angola. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, adalowa m'Rhodesia mu 1949 ndipo adagwirapo ntchito zothyola thonje, zomanga ndi zoluka madengu. Ku Tengenenge adayamba ndi kukumba miyala yoti ena aseme, kenako adagwira tchizulo yekha, ndipo nkhope zake zomwetulira, za maso otsinzina ndi milomo yoimba mluzu, zidafika m'nyumba zoonetsera zaluso za ku Ulaya ndi ku America. Pambali pawo panali eni dera. Henry Munyaradzi sadapite kusukulu ndipo adagwirapo ntchito yosankha fodya. Bernard Matemera ankayendetsa thalakitala m'mapulazi, ndipo mu 1986 adalandira mphoto pa chionetsero chachikulu cha zaluso ku New Delhi. Chaka chimodzi m'mbuyomo, munthu akadafunsa mlimi aliyense wa ku Horseshoe kapena ku Umvukwes kuti anthu awa adabadwira chiyani, akadayankha kuti khasu ndi balani la fodya.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yopatsa chidwi. Frank McEwen, mkulu woyamba wa National Gallery ku Salisbury, imene idatsegulidwa mu 1957, ndiye adatchukitsa ziboliboli za miyalazi kunja, mpaka kukazionetsa ku Musée Rodin ku Paris mu 1971. Pozigulitsa ankazifotokoza ngati luso lakale la Ashona limene lidagona mkati mwa mtundu n'kudzukanso, ndipo anthu ankakumbukira mbalame za miyala za ku Great Zimbabwe. Dzina lakuti zosema za Chishona lidakhazikika mpaka lero. Koma pakati pa mbalamezo ndi osema a m'ma 1960 padadutsa zaka mazana angapo popanda mwambo wopitirira wosema ziboliboli za miyala, ndipo ambiri mwa osema a ku Tengenenge sanali Ashona. Anthu omwe ankanenedwa kuti kugwira ntchito papulazi kuli m'magazi awo adapezeka akutamandidwa chifukwa cha luso la m'magazi a mtundu wina.

Wina anganene kuti Achewa ndi Ambunda adabwera nalo luso kuchokera kwawo. Zimenezo n'zoona. Za kudambwe sitiulula, koma aliyense akudziwa kuti kumene kuli Gule Wamkulu kuli anthu ozolowera mtengo ndi sompho, ndiponso maso ozolowera kuona nkhope ya munthu ikusanduka chilombo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumoko munthu amachita kupatsidwa ndi kuphunzitsidwa kanoledwe kake. Chinanso choona n'chakuti si onse amene adagwira tchizulo adakhala Fanizani. Anthu mazanamazana adasema ku Tengenenge, ndipo ena anali ndi diso ndi dzanja zimene anzawo sadazifikire ngakhale adalimbikira chimodzimodzi. Apa m'pamene chibadwa chimaonekera: pakati pa munthu ndi mnzake, mwa Achewa, mwa Ayao ndi mwa Akorekore mofanana. Koma chibadwa chimenecho chidakhala zaka makumi atatu mwa Fanizani osaoneka, ndipo chikadapita naye kumanda fodya akadapanda kugwa mtengo.

Ubongo umaumbika ndi zimene umakumana nazo. Uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo kulumikizana kwake kumalimba kapena kufooka malinga ndi ntchito. Mu 2000 Eleanor Maguire adapeza kuti oyendetsa matakisi a ku London, amene amaloweza misewu zikwi zambiri, ali ndi mbali ina ya ubongo yosunga malo yokulirapo, ndipo imakula ndi zaka za pantchito. Ngakhale nyama zimasintha khalidwe popanda kusintha majini. Robert Sapolsky ndi Lisa Share adalemba mu 2004 za gulu la anyani a ku Kenya limene amuna ake aukali kwambiri adafa m'zaka za m'ma 1980 atadya nyama ya chifuwa chachikulu pa dzala la hotela ya alendo. Gululo lidasanduka lofatsa. Patapita zaka khumi, amuna onse akale atatha, anyani aamuna obwera kuchokera ku magulu ena ankatengera kufatsa kwa pamalopo. Adapeza mwambo, n'kuutsatira.

Koma kuumbika kumeneku kuli ndi mbali yake yowawa, ndipo ana a m'makomboni ndiwo adaimva. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za m'ma 1980 adapeza kuti ana a antchito a m'mapulazi anali m'gulu la ana opinimbira kwambiri m'Zimbabwe, pakati pa minda imene inkadyetsa dziko lonse. Ofufuza Harold Alderman, John Hoddinott ndi Bill Kinsey adatsatira ana a m'midzi ya m'Zimbabwe amene adakumana ndi nkhondo ndi chilala cha 1982 mpaka 1984 ali aang'ono, ndipo adapeza kuti opinimbirawo atakula anali aafupi ndipo adalekeza sukulu m'makalasi otsika. Mu 2018 bungwe la Human Rights Watch lidafotokoza za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Zimbabwe amene ankadwala mutu, chizungulire ndi kusanza, zizindikiro za nicotine wolowa pakhungu munthu akamagwira masamba. Nicotine amakhudza njira za dopamine, zimene ubongo umaphunzirira kufuna chinthu mobwerezabwereza, ndipo ubongo wa mwana umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20. Mantha osatha nawonso amasunga cortisol pamwamba, zimene zimasokoneza tulo, kukumbukira ndi kudziletsa. Mwana wakomboni akamavutika m'kalasi, mungathe kunena moona kuti vuto lili m'thupi mwake. Funso n'lakuti lidalowamo bwanji, ndipo adalilowetsa ndani.

N'chifukwa chiyani tsono mawu a m'magazi amatikomera chonchi? Akatswiri a maganizo a ana, monga Susan Gelman, adaonetsa kuti ana aang'ono kwambiri amakhulupirira kale kuti chamoyo chilichonse chili ndi chinachake chobisika mkati chimene chimachipanga kukhala chimene chili. Kaganizidwe kameneka kadathandiza makolo athu akale: mwana wa mamba ndi mamba, ndipo woyesa kaye kuti aone sadasiye adzukulu. Vuto limabwera tikagwiritsa ntchito nzeru ya njoka pa anthu anzathu. Andale amadziwa kuti khutu la munthu limaimva msanga nyimbo imeneyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare ochokera kunja kuti ndi opanda mitupo, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si mafuko. Pa kulandidwa kwa mapulazi kumene kudayamba mu 2000, ofufuza amati antchito osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo adapatsidwa malo. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa alendo anthu obadwira m'Zimbabwe amene sadaonepo Malawi. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC, koma mpaka lero alipo ana ovutika kupeza chikalata cha kubadwa chifukwa amayi awo alibe chitupa, agogo awonso analibe. Umenewu ndi umphawi woyenda m'banja kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo sudutsa mu DNA.

Latsala funso lovuta kwambiri, la mlandu. Tiyerekeze bambo wa pakomboni amene amaledzera n'kumamenya mkazi wake. Mwina adabadwa ndi thupi logwidwa msanga ndi mowa. Mwina adapinimbira ali khanda, adathyola fodya ali ndi zaka khumi, adaona bambo ake akumenyedwa ndi kapitawo n'kudzabwezera pa amayi ake usiku. Sapolsky yemwe uja, m'buku lake la 2023 lakuti Determined, akuti munthu alibe ufulu wosankha m'pang'ono pomwe, pakuti chochita chilichonse chimachokera ku ubongo umene mwini wake sadaupange, choncho kudzudzula ndi kutamanda zilibe maziko. Mfundo yake ndi yolemera, ndipo imatiphunzitsa chifundo. Komabe ine sindigwirizana naye mpaka kumapeto. Mkazi womenyedwayo akapita kwa ankhoswe, ankhoswe sangamuuze kuti apirire chifukwa ndi dopamine. Ndipo kumuuza bamboyo kuti palibe chimene angachite n'kumubwezera pamalo pomwe Carothers adamuika, pa gulu la zinthu zongoyendetsedwa.

Chichewa chili ndi liwu limene limandithandiza pano. Timati kulanga tikamanena za kupereka chilango kwa wolakwa. Timatinso kulanga tikamanena za anamkungwi pophunzitsa namwali mwambo, ndipo alangizi ndi malangizo zidachokera pa tsinde lomwelo. Pomasulira m'Chingerezi ndimayenera kusankha liwu limodzi mwa awiri osiyana, koma m'chinenero chathu ndi ntchito imodzi. Timaimba munthu mlandu chifukwa ndi cholengedwa chakuti mawu amachilowa n'kuchisintha. Bwalo, ankhoswe, manyazi pamaso pa apongozi, mbuzi yolipira, zonsezi ndi zinthu zimene ubongo umakumana nazo, monga momwe umakumanira ndi njala ndi nicotine, ndipo nazonso zimaumba. Makolo athu ankadziwanso malire ake. Wamisala sankamutengera kubwalo, ankamufunira mankhwala, chifukwa mawu sakumufika. Sayansi ya ubongo ingatithandize kuona bwino malire amenewa, kuti tidziwe amene akufunika kulangizidwa, amene akufunika chipatala, ndi amene akufunika zonse ziwiri. Chilango chongofuna kuti wolakwa amve kuwawa, popanda chiyembekezo chakuti iye kapena oonerera asinthe, ndicho chilibe maziko, ndipo pamenepo Sapolsky akunena zoona.

Tikamvetsa chimene chidaumba munthu, mlandu wake sutha, koma oitanidwa kubwalo amachuluka. Bambo uja ayankhe za dzanja lake. Amene adayeza phoso, amene adamanga mabalani khumi popanda kalasi imodzi, amene adalemba lamulo la 2001, ayankhenso za mbali yawo. Ndipo ife amene tikudziwa tsopano kuti m'mera mpoyamba ndi nkhani ya maselo enieni a ubongo, tili ndi mlandu woposa wa agogo athu tikalekerera mwana wosakwana zaka ziwiri kugona ndi njala.

Khomo la ku Tengenenge lidatseguka mwangozi, chifukwa cha mkangano wa Ian Smith ndi London umene antchito a fodya sadaufunse. Lidatsegukira anthu mazana angapo m'dera limodzi lokhala ndi mwala wabwino. M'mapulazi ena onse a ku Mashonaland munali anthu zikwi mazanamazana a magazi omwewo, ndipo palibe adawaika tchizulo, cholembera kapena buku la masamu m'manja kuti aone chimene chituluke. Adzukulu awo alipo lero m'makomboni akale a ku Horseshoe, ku Mvurwi ndi ku Raffingora, ena akugwira maganyu kwa alimi atsopano, ena akukumba chrome ndi golide. Palibe makina oyeza DNA amene angatiuze kuti mwa iwo ndani ndi wosema, ndani ndi dokotala, ndani ndi wotsogolera anzake. Njira yodziwira ndi yomwe ija ya 1966: mwana adye, akhale ndi chikalata cha kubadwa, alowe m'kalasi, apatsidwe chida, kenako tidikire zaka zingapo tione.